Kuyeza mankhwala azitsamba kuyambire kumudzi komwe mizu imakumbidwa

MACHINGA, Mana: M'chaka cha 1995, chaka chomwe nyanja ya Chilwa idaphwa mpaka asodzi a kwa Mposa kumayenda wapansi pamalo pomwe kale ankaponya makoka, boma la Machinga lidamveka dziko lonse pa nkhani ina yosakhudza nsomba. M'mudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, bambo Billy Goodson Chisupe ankamwetsa anthu madzi ofiirira ochokera ku makungwa a mtengo wina, ponena kuti mtengowo adauona kumaloto ndipo kuti madzi akewo amachiza Edzi. Anthu adawatcha mankhwalawo Mchape. Malole, mabasi ngakhalenso galimoto za makampani ndi za nthambi za boma zidandanda pamsewu wa kumudziko, ndipo akatswiri omwe adalemba mbiri ya nkhaniyi amati anthu pafupifupi 300,000 adamwako m'miyezi yochepa chabe.

Bambo Chisupe sankalipiritsa, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti cholinga chawo chidali kubera anthu. Koma unduna wa zaumoyo udagwira njakata. Kuletsa anthu kumwa kudali kovuta poti nthawi imeneyo chipatala chidalibe choti n'kuwapatsa. Mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV adadzayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Kuvomereza mankhwalawo kudalinso kosatheka, chifukwa mwini wake sadalengeze dzina la mtengowo, ndipo maganizo oti mankhwalawo ayesedwe motsata njira za sayansi sadapite patali. Khamu la anthu lidabalalika, mliri wa Edzi udapitirira kupulula miyoyo, ndipo funso lalikulu lidatsala lopanda yankho: kodi m'kapu muja mudali chiyani?

Zaka 30 zapitapo, koma funsoli likadalipo, kungoti kapu ija idasanduka botolo. Munthu akayenda pamsika wa kwa Mposa, kapena pa Liwonde, pa Ntaja ndi pa Balaka, amapeza ufa wa zitsamba m'timapepala ta pulasitiki, mizu yodulidwa timapisi, ndi timabotolo tomatidwa zikalata zolembedwa bwino m'Chingerezi. Tina timapangidwa konkuno, tina timachokera kunja kwa dziko lino. Ogulitsa amati izi n'za shuga, izi n'za kuthamanga kwa magazi, izi n'zokometsa banja. Ambiri mwa iwo adasiya kuzitcha mankhwala. Amati ndi zakudya zowonjezera mphamvu m'thupi, dzina lomwe limawathandiza kuzemba mafunso ovuta.

Kumbali ya malamulo, zinthu sizili monga zidalili nthawi ya Mchape. Lamulo la madokotala la 1987 lidapereka mpata woti asing'anga azigwira ntchito yawo bola asachite zoika moyo wa munthu pachiswe, pomwe lamulo la mankhwala la 1988, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Pharmacy, Medicines and Poisons Board, maso ake adali makamaka pa mankhwala a kuchipatala. M'chaka cha 2019 lamulo latsopano lidabweretsa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA mwachidule, m'malo mwa bungwe lakale lija, ndipo mphamvu zake zidafika ku mankhwala azitsamba ndi zakudya zowonjezera mphamvu zija. Lamuloli limafunanso kuti munthu asanayambe kutsatsa malonda a mankhwala, ayambe wapeza chilolezo ku bungweli. Nalo bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi gawo lake pa zakudya ndi zakumwa zomwe zimalowa pamsika.

Pamenepa n'kofunika kusiyanitsa anthu awiri omwe kawirikawiri timawaika m'dengu limodzi. Pali sing'anga wa m'mudzi amene amadziwa wodwala wake, amakumba yekha muzu, ndipo zinthu zikavuta abale a wodwalayo amadziwa khomo loti akagogode. Palinso wamalonda amene amagula matumba a makungwa kwa anthu osawadziwa, n'kukagayitsa, n'kulongedza, n'kutumiza ku Blantyre ndi ku Lilongwe kwa ogula amene sadzaonana nawo. Woyambayo mudzi umamuyang'anira, ngakhale si nthawi zonse pomwe umakwanitsa. Wachiwiriyu palibe womuyang'anira koma boma, ndipo chikalata chomwe wamata pabotolo ndi lonjezo lomwe boma liyenera kulifufuza.

Kuti chikalata chimanama, tidazionera tokha. Chakumapeto kwa 2018 bungwe loona za mankhwala ku Uganda lidayeza chakumwa chotchedwa Natural Power SX, chomwe chinkapangidwa ku Ndola m'dziko la Zambia, munthu wina atadandaula za momwe chidamuzunzira m'thupi. Pabotolo padalembedwa kuti mphamvu yake imachokera ku jinja ndi chitsamba china cha ku Asia chotchedwa tongkat ali. M'kati mwake adapezamo sildenafil, mankhwala omwe ali mu Viagra, amene munthu amayenera kumwa pokhapokha dokotala atamulembera. Chakumwachi chinkagulitsidwanso muno m'Malawi, ndipo chidaletsedwa kumayambiriro kwa 2019. Dziko la Zambia lidachiletsa m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuopsa kwa chinyengo chotere n'koti munthu amene akumwa mankhwala ena a mtima akaphatikiza ndi sildenafil, magazi ake amatha kutsika mphamvu mwadzidzidzi mpaka kukomoka kapena kufa kumene, iye akuganiza kuti wamwa zachilengedwe. M'mayiko ambiri apezanso mankhwala a kuchipatala ochepetsa kutupa, monga dexamethasone, atabisidwa mu ufa woti n'ngwa nyamakazi, komanso mapiritsi a shuga atasinjidwira mu zitsamba zoti n'za shuga. Wodwala amaona kusintha msanga, amatamanda chitsamba, osadziwa kuti akumwa mankhwala a kuchipatala opanda mlingo.

Komabe tinene mosabisa kuti chinyengo cha mtundu umenewu ndicho chosavuta kuchigwira. Sildenafil ndi chinthu chimodzi chodziwika bwino, ndipo malo oyezera mankhwala a PMRA ku Lilongwe angathe kuyerekeza zomwe zili m'botolo ndi mankhwala enieniwo n'kupereka yankho. Chovuta kwambiri ndi funso lija la ku Chikamana: ufa uwu wachokera ku mtengo wanji? Khungwa likasinjidwa limataya nkhope yake. Ufa wa muwawani, womwe anthu ambiri amamwa pofuna kuchiza m'mimba ndi malungo, ndi ufa wa mwavi, womwe makolo ankamwetsa oganiziridwa ufiti ndipo udapha anthu ambiri mpaka boma la atsamunda lidaletsa mchitidwewo mu 1911, yonse imakhala yoderako ikakhala m'kapepala ka pulasitiki. Wogula sangasiyanitse ndi maso, ndipo wamalonda amene adangogula thumba kwa mnyamata wa panjinga sangalumbire kuti akudziwa.

Vutoli limakula chifukwa cha mayina. Dera la Mfumu Yaikulu Mposa, monga madera ambiri a Machinga ndi Balaka, lili ndi anthu oyankhula Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa, ndipo kutsidya kwa nyanja ya Chilwa kuli abale athu a ku Mozambique amene amabwera ndi mayina awo. Mtengo umodzi umatha kukhala ndi mayina atatu kapena anayi. Choopsa koposa n'chakuti dzina limodzi limathanso kukhala la mitengo ingapo, chifukwa asing'anga nthawi zambiri amatchula chomera potengera ntchito yake, osati maonekedwe ake.

Chitsanzo chodziwika kwa azamba onse m'dziko muno ndi mwanamphepo. Dzinali si la chomera chimodzi ayi. Limaperekedwa ku zomera zingapo zoyanga za m'banja limodzi ndi mphesa, zomwe asayansi amaziika m'magulu a Cissus, Cyphostemma ndi Ampelocissus. Amayi oyembekezera amapatsidwa mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga, ndipo azaumoyo akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti amayi ena amafika kuchipatala chiberekero chikukoka mopitirira muyeso, ena mpaka chitang'ambika. Tsono tiyerekeze kuti bungwe la boma lalandira kalata yopempha chilolezo, ndipo pamzere wa zomwe zili m'kati palembedwa mawu amodzi okha akuti mwanamphepo. Kodi woyeza ayeze chomera chiti? Atayeza chimodzi n'kupeza kuti n'chofatsa, chilolezo chomwecho chidzaphimba china chaukali chomwe chili ndi dzina lomwelo.

Wina angaganize kuti chisokonezo chotere chimachitika kumudzi kokha, komwe anthu salemba. Zomwe zidachitika ku Belgium zikutsutsa maganizo amenewo. Pakati pa 1990 ndi 1992, chipatala china cha mumzinda wa Brussels chinkapatsa amayi ofuna kuchepetsa thupi makapisozi okhala ndi zitsamba za ku China. Muzu womwe unkafunika udali wa chomera chotchedwa Stephania tetrandra, koma womwe udafika udali wa Aristolochia fangchi. Mayina a mizu iwiriyi m'Chitchaina amafanana, onse ali ndi mawu akuti fang ji. Amayi oposa 100 impso zawo zidawonongeka, ambiri adafunika makina osefa magazi kapena kuikidwa impso zina, ndipo ena pambuyo pake adapezeka ndi khansa ya m'njira ya mkodzo. Dziko limenelo lidali ndi madokotala, makina ndi malamulo. Chomwe chidasowa ndi munthu wotsimikiza, muzu usanasinjidwe, kuti ndi womwewo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Makina oyezera, angakhale a mtengo wapatali chotani, amagwira ntchito poyerekeza. Amafuna chitsanzo chodalirika choti ayerekeze nacho, ndipo chitsanzocho chimayambira kutchire. Katswiri wa zomera amapita ndi mwini mankhwala pomwe pali mtengowo, amadula kanthambi kokhala ndi masamba, maluwa kapena zipatso, amakapanikiza pakati pa mapepala kuti kaume, n'kulemba malo, tsiku, dzina la m'deralo ndi chiyankhulo chake, komanso mbali ya mtengo yomwe imagwiritsidwa ntchito. Kanthambiko kamakayerekezedwa ndi zomera zina zosungidwa kale mpaka dzina lake la sayansi litatsimikizika, kenako kamapatsidwa nambala n'kusungidwa. Kuchokera pamtengo womwewo amatenganso khungwa kapena muzu, ndipo umenewo ndiwo umakhala muyeso wa ufa wina uliwonse wodzitcha dzinalo.

Zikatere, njira zina zonse zimatseguka. Ufa ukaikidwa pa makina okuzira tinthu tating'ono, timinyewa ta chomera ndi timibulu ta sitachi timaoneka, ndipo ngati wina wasakanizamo ufa wa chimanga kapena wa chinangwa kuti thumba lilemere, zimaululika pomwepo. Njira ina yotsika mtengo ndi yosungunula ufawo, n'kudontheza pakagalasi kopakidwa mankhwala, kuti zomwe zili m'kati zibalalike n'kusiya timadontho tondondozana. Chomera chilichonse chimasiya mndandanda wakewake, ngati chidindo cha chala, ndipo wa ufa wa pamsika umaikidwa pambali pa wa chitsanzo chija. Makina akuluakulu otchedwa HPLC amachita zomwezo mozama, n'kunenanso kuchuluka kwa chinthu chilichonse.

Masiku ano kukutchuka njira yoyeza DNA ya chomera, ndipo pamisonkhano ena amaikamba ngati kuti ndiyo yothetsa mavuto onse. N'kofunika kuti akuluakulu ogula zipangizo za boma amve mbali zonse ziwiri. Mu Febuluwale 2015, mkulu wa zamalamulo m'chigawo cha New York ku America adalamula sitolo zikuluzikulu zinayi, GNC, Target, Walgreens ndi Walmart, kuti zisiye kugulitsa zitsamba zina za m'mabotolo. Kuyeza kwa DNA kudaonetsa kuti pafupifupi mabotolo anayi mwa asanu alionse adalibe chizindikiro cha chomera cholembedwa pachikalata, ndipo m'malo mwake mudapezeka zinthu monga mpunga ndi tirigu. Nkhaniyi idagwedeza msika, koma asayansi ena adaitsutsa ponena kuti chitsamba chikawiritsidwa kapena kusungunulidwa pofuna kuchotsamo mphamvu yake, DNA imawonongeka, kotero kusaipeza sikutanthauza kuti chomeracho mulibe. Njirayi ndi yamphamvu pa ufa wa masamba ndi mizu yongoumitsa, koma imafooka pa zamadzimadzi zophikidwa, zomwe ndi zambiri pamsika wathu. Siinenanso ngati ufawo ndi wa muzu kapena wa masamba, chikhalirecho mphamvu ya mbali ziwirizi imatha kusiyana kutalitali. Ndipo nayonso imafuna chitsanzo chotsimikizika choti iyerekeze nacho.

Mwayi womwe Machinga ili nawo ndi woti nyumba yosungira zitsanzo zoterezi ili pakhomo. Bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1987, likulu lake lili ku Zomba, boma loyandikana ndi kwa Mposa. Ku Zomba komweko kuli nthambi yofufuza za nkhalango ya Forestry Research Institute of Malawi, komanso sukulu yaukachenjede ya University of Malawi, komwe akatswiri monga Pulofesa Jerome Msonthi adafufuza kwa zaka zambiri mphamvu za zitsamba za m'dziko muno. Ntchito yolemba mayina nayo siyambira pachabe. Jessie Williamson adasindikiza buku la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, Blodwen Binns adatulutsa mtanthauziramawu wa mayina a zomera mu 1972, ndipo Brian Morris adalemba za zitsamba za Achewa mu 1996. Chomwe chikufunika ndi ulalo wolumikiza mabuku ndi makabati a ku Zomba, malo oyezera a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndi munthu amene wanyamula khasu m'mapiri a Chikala.

Phindu lodziwa dzina la mtengo lidaoneka ku Tanzania m'chaka cha 2011, pomwe m'busa wopuma pantchito, Ambilikile Mwasapile, adakoka makamu a anthu kumudzi wa Samunge ku Loliondo ndi kapu yake ya mankhwala, monga zidachitikira kwathu kuno. Kusiyana kudali koti mtengo wake udadziwika, wa mtundu wa Carissa. Asayansi a boma adatha kunena msanga kuti chakumwacho, pa mlingo womwe anthu ankamwa, sichidali chakupha, ngakhale umboni woti chimachiza Edzi sudapezeke, ndipo ena omwe adasiya ma ARV adataya miyoyo. Dzina silidathetse mavuto onse, koma lidapatsa boma poyambira kuyankhula.

Nanga n'chifukwa chiyani asing'anga ambiri amakana kuulula? Yankho lachidule lomwe timamva m'maofesi ndi loti ndi umbuli kapena akubisa chinyengo. Wolemba nkhaniyi sakugwirizana nazo. Kwa sing'anga, dzina la mtengo ndi munda wake, ndi chuma chomwe adasiyiridwa ndi agogo ake, ndipo kwa ena ndi pangano ndi mizimu. Mantha oti ophunzira adzatenga nzeruyo n'kukalemera nayo kwina si ongopeka. Anthu a mtundu wa San, kum'mwera kwa Africa, akhala akutafuna chomera cha hoodia kuyambira kale kuti asamve njala paulendo wa uzimba. M'zaka za m'ma 1990 bungwe la kafukufuku la boma la South Africa, CSIR, lidalembetsa umwini wa mphamvu ya chomeracho, n'kupereka chilolezo ku kampani ya ku Britain, eni nzeruwo osadziwa kanthu. Iwo adazitulukira mu 2001, ndipo mgwirizano wogawana phindu udasainidwa mu 2003 atachita kulimbana. Sing'anga wa kwa Mposa mwina sadamvepo za hoodia, koma mtima wokayika womwe ali nawo ndi womwewo.

Pankhani imeneyi boma lili ndi zoti lingaonetse. Dziko la Malawi lidalowa m'pangano la Nagoya mu 2014, lomwe limafuna kuti wofuna kugwiritsa ntchito zachilengedwe za dziko lina ndi nzeru za eni dera ayambe wapempha chilolezo ndi kugwirizana za kagawidwe ka phindu. Lamulo loona za chilengedwe la 2017 lidaikamo mfundo zimenezi. Mu Meyi 2024 mayiko adagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la WIPO, kuti wopempha umwini wa chinthu chomwe wachipanga kuchokera ku zachilengedwe azinena dziko lomwe zidachokera ndi anthu omwe adampatsa nzeruyo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Malawi lidakhala dziko loyamba padziko lonse kuvomereza panganolo. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma pangano losainidwa ku Geneva silitsegula pakamwa pa sing'anga pokhapokha litamasuliridwa m'Chiyao ndi m'Chichewa, n'kusanduka kapepala komwe iye angasunge m'nyumba mwake, konena kuti dzina lomwe waulula lalembedwa m'kaundula wachinsinsi, kuti ndi lake, ndipo kuti aliyense wofuna kuligwiritsa ntchito pamalonda adzayenera kubwera kwa iye. Mabungwe a asing'anga, monga Herbalists Association of Malawi, ndiwo angathandize kuti mamembala awo akhulupirire ndondomeko yotere.

Ntchito yambiri yotsalayo si ya ku likulu, ndi ya khonsolo. Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe lidakonzedwanso mu 2020, limafuna chilolezo kwa wotenga zinthu za m'nkhalango yotetezedwa, monga ya Liwonde. Nthawi zambiri chilolezochi timachiona ngati njira yotolera ndalama ndi yoletsa makala basi. Chikhalirecho kapepala komweko, katalembedwa dzina la mtengo, mbali yomwe yatengedwa, malo ndi tsiku, kangakhale chiyambi cha mbiri ya thumba lililonse la makungwa. Alangizi a zankhalango ndi makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe amadziwa amene amakumba ndi komwe amakumba. Alangizi a zaumoyo amayenda m'misika kale poyendera ukhondo wa zakudya. Otolera ziphaso za pamsika amadziwa wogulitsa aliyense ndi nkhope. Anthu onsewa ali kale pamalipiro a boma, koma aliyense amalemba m'kope lake ndipo makopewo sakumana.

Mbiri ya thumba ndi yofunika pa chifukwa chinanso. Chitsamba chikayamba kusowa, chinyengo chimachuluka. Gondolosi, yemwe asayansi amamutcha Mondia whitei, amafunidwa chifukwa cha muzu wake, ndipo kukumba muzu wonse ndi kupha chomeracho. Ogula akachuluka pomwe tchire likutha, wokumba amayesedwa kuti aikemo muzu wina wofanana nawo, makamaka akadziwa kuti zonse zikathera kuchigayo. Kotero kulimbikitsa alimi kuti azibzala zitsamba zomwe zili pamsika, monga momwe ambiri ku Balaka ndi m'chigwa cha Shire amabzalira cham'mwamba, si nkhani yosamala chilengedwe yokha. Chomera cha m'munda chimadziwika mwini wake ndi mtundu wake.

Tisaiwalenso kuti kutsimikiza dzina si kutsimikiza kuti chinthucho n'chabwino kumwa. Ufa weniweni wa cham'mwamba ukaumitsidwa pansi, kapena ukasungidwa m'nyumba yachinyezi monga zimakhalira m'mbali mwa nyanja nthawi ya dzinja, umagwira chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi, yemwe alimi a mtedza amamudziwa bwino chifukwa adatitsekera misika ya kunja. Mu 2013 bungwe la Malawi Bureau of Standards lidachenjeza anthu kuti asamadye mafuta a nthanga za malambe chifukwa cha mtundu wina wa mafuta omwe ali m'menemo, ngakhale kuti palibe ankakayika kuti adalidi a malambe. Ndipo chitsamba chingakhale chenicheni, chaukhondo, koma osachiza nthenda yomwe akuchinenera. Amenewa ndi mafunso atatu osiyana, ndipo chilolezo choyankha limodzi chisamamveke ngati chayankha onse. Ogulitsa ena akangopeza kalata yoti katundu wawo wayezedwa ukhondo, amathamangira pawailesi kukalengeza kuti boma lavomereza kuti amachiza.

Pawailesi pomwepo ndi pomwe lamulo likuyesedwa kwambiri. Kuwonjezera pa chilolezo cha PMRA chija, lamulo la HIV ndi Edzi lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2017 limaletsa kufalitsa uthenga wabodza wokhudza matendawa. Zikadakhala kuti malamulowa adalipo mu 1995, nkhani ya Mchape ikadayenda mwina. Komabe lamulo silidziyendera lokha, ndipo tivomereze kuti ena mwa ogula okhulupirika a timabotoloti ndi ife omwe ogwira ntchito m'boma. Tikatuluka mumsonkhano wokambirana za miyezo, timaima pamsewu kugula ufa wopanda dzina n'kuuika m'chikwama limodzi ndi mafayilo. Galimoto za boma zomwe zidandanda ku Chikamana sizidapite zokha.

Amene akuona ngati zonsezi n'zopondereza amalonda ang'onoang'ono aganizire za malambe. M'chaka cha 2008 mayiko a mu European Union adavomereza kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kumeneko ngati chakudya, bungwe la PhytoTrade Africa litapereka umboni wa mtundu wa mtengowo, zomwe zili mu ufawo ndi momwe umakonzedwera. Chiyambireni, malambe ochokera m'maboma ouma a dziko lino akhala akupeza msika kunja. Wogula wa kunja salipira chifukwa chomva kuti makolo athu ankadya. Amalipira chifukwa thumba lililonse lili ndi mapepala onena komwe lachokera. Cham'mwamba, gondolosi ndi zitsamba zina sizingadutse njira ina.

Atsogoleri a mayiko a mu Africa adagwirizana ku Lusaka mu 2001 kuti zaka za 2001 mpaka 2010 zikhale zotukula mankhwala a makolo, ndipo kuyambira 2003 tsiku la 31 Ogasiti limakumbukiridwa chaka chilichonse ngati la mankhwala amenewa. Patsikuli pamakhala magule, zionetsero ndi zoyankhula za alendo olemekezeka. Khonsolo ya Machinga itafuna, ingathe kufika pa 31 Ogasiti wotsatira ili ndi chinthu chogwirika m'manja: mndandanda wa mitengo 20 kapena 30 yomwe imagulitsidwa kwambiri m'misika ya m'bomali, uliwonse uli ndi mayina ake a Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa, dzina lake la sayansi, ndi nambala ya chitsanzo chake ku Zomba. Dera la Mposa, lomwe lili pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa, ndi malo abwino oyambira. Pa ulendo woyamba pangafunike katswiri mmodzi wa zomera, mlangizi wa zankhalango, asing'anga angapo osankhidwa ndi anzawo pamaso pa mfumu, matabwa awiri ndi chingwe zopanikizira masamba, mulu wa nyuzipepala zakale, kope, ndi mafuta a galimoto okafika ku Zomba ndi kubwerera.